Kalata yotseguka kwa bwana mkulu woyendera mafakitale

Bwana,

Ndalemba poyera dala chifukwa anthu amene nkhaniyi ikuwakhudza sadzagogoda pa ofesi yanu, ndikunena owotcherera, anyamata odula zitsulo zakutha, komanso aliyense amene amagula mgolo wakale kuti azisungiramo madzi. Pempho langa ndi limodzi basi: thanki, paipi, pampu kaya mgolo umene munali mankhwala usamatuluke pageti la fakitale, kaya akukaugulitsa kaya akukautaya, popanda satifiketi yoti watsukidwa ndipo wina wayeza ndi makina, osati kungosuzumira nkuti aaa mulibe kanthu umu.

Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti thanki imaoneka youma mbee koma mankhwala ali phee pansi pa dzimbiri, mu mavalavu, mu kapaipi kogonthi kamene aliyense anakaiwala. Ndipo mgolo umene mwangotsala timadontho ta mafuta oyaka ndi umene uli woopsa kwambiri chifukwa nthunzi yake yasakanikirana ndi mpweya, munthu akangoyika galainda kamoto kamodzi kokha basi zatha. Mu 2010 pa fakitale ya DuPont kufupi ndi Buffalo ku America, kontilakita ankawotcherera pamwamba pa thanki imene onse ankati ilibe vuto, osadziwa kuti mpweya woyaka wotchedwa vinyl fluoride walowamo kudzera mu paipi yochokera ku mathanki ena. Inaphulika, mmodzi anafa wina anavulala. Mpweya anayeza inde, koma anayeza kunja, mkati mwa thanki sanayeze. Ndiye ngati zinachitika pa kampani yaikulu choncho, nanga mnyamata amene angomubweretsera thanki pa lole osamuuza olo dzina la zimene zinali mkatimo, adzitchinjiriza bwanji?

Kutsukako nakonso si nkhani yongotenga paipi ya madzi nkumathira ayi. Choyamba chipangizocho achidule kwenikweni ku mapaipi ena onse, atsekepo ndi chitsulo, valavu yokha osaikhulupirira imadontha. Kenako munthu adziwe kuti munali chani, chifukwa asidi wa sulfuric ukamuthira madzi amatentha koopsa, ndipo akasungunuka amayamba kudya chitsulo nkumatulutsa hydrogen amene amayaka. Pomwe mathanki ena amene munkadutsa mafuta a sulfur wambiri amakhala ndi chikoko cha iron sulfide mkati, chimenecho chikauma nkukumana ndi mpweya chimayaka chokha popanda machesi, ndiye chimafunika chizikhala chonyowa mpaka achichotse. Njira imodzi siingagwire ponseponse, nchifukwa chake ntchitoyi siyongopatsa aganyu kuti amalize msanga dzuwa lisanalowe.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mpweya wa nitrogen. Amamupopera mu thanki kuti athamangitse mpweya woyaka, zili bwino, koma amathamangitsanso oxygen, mpweya umene timadalira popuma, ndipo iyeyo alibe fungo alibe mtundu, munthu amangopuma kangapo nkugwa osakuwa nkomwe. Mu 2005 pa fakitale yoyenga mafuta ya Valero ku Delaware City ku America anthu awiri anafa choncho, woyamba ankafuna kuchotsa tepi imene inali mkati mwa chithanki chodzaza nitrogen, wachiwiri analowa kuti apulumutse mnzake. Munthu asalowe ngati oxygen watsika kuchepera 19.5 peresenti, ndipo makina oyezera akhale pomwepo nthawi yonse, osati kuyeza mmawa nkukawatsekera mu kabati.

Madzi otsukira aja nawonso ndi poizoni, asamathere mu ngalande. Za mathiransifoma akale okhala ndi mafuta a poizoni otchedwa PCB sindichulutsa, pangano la mayiko la Stockholm la 2001 linaika kale 2025 kuti asiye kugwiritsidwa ntchito ndi 2028 kuti zinyalala zake zikhale zitasamalidwa bwinobwino, choncho amenewo asapezeke pa mulu wa zitsulo zogulitsa pa sikelo.

Satifiketi ndikunenayi isakhale kapepala kongodinda sitampa. Palembedwe mankhwala amene anali mkati, atsuka ndi chani, ayeza liti, zotsatira zake, ndi dzina la amene wasayina, ndipo iyende limodzi ndi chitsulocho mpaka kwa munthu womaliza amene adzachidule. Udindo ukhale pa mwini fakitale, asamathawire kuti tinagulitsa kale kapena ndi nkhani ya kontilakita, iyeyo ndi amene amadziwa zimene anathiramo. Migolo imene siingayere aziiboola kapena kuiphwanya isanatuluke kuti wina asaitole nkumamwera.

Chonde bwana, oyendera anu apatseni makina awoawo oyezera mpweya, ndipo akafika pafakitale asamathere mu ofesi kuwerenga mafailo, azizungulira kuseri kumene amaunjika mapaipi ndi mathanki akale, atsegule okha nkuyeza, tsiku limene eni ake sanauzidwe kuti kubwera alendo.

Ine wanu,
Nzika yokhudzidwa