Kalata kwa mnzanga wa ku Ottawa, ku Canada

Mnzanga wokondedwa,

Zithunzi za m'nyengo yachisanu yapitayi ndaziona. Ndinazitsegula ndili pakhonde masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, thukuta lili kamukamu, ine n'kumaona ana avala majuzi atatuatatu akutsetsereka pa madzi oundana. Mwana wanga wamng'ono uja anafunsa ngati bwalo lonselo ndi firizi wamkulu woti munthu n'kugwada n'kumanyambita. Usamuseke. Kuno ku Mangochi ayezi amamudziwira m'mabokosi a ogula chambo ku Makawa basi, ndiye kumva kuti kwanuko anthu akusonkha ndalama zoti aziponda ayezi ndi nsapato za mipeni kunsi, kwa iye ndi nthano.

Ndiye akusankha kukhala msungichuma wa komiti yomanga bwalo lotsetserekera pa ayezi? Iwe amene unkataya ndalama ya kuchigayo tsiku ndi tsiku?

Ndaimvetsa nkhani yomwe mukukanganirana, yoti mumange bwalo lapanja kapena lamakina. Bwalo lapanja ndi lotchipa: matabwa kuzungulira, magetsi, paipi ya madzi, kenako anthu odzipereka kumathira madzi usiku kukazizira kwambiri. Koma chisanu chanucho sichodalirikanso. Si iwe unandiuza kuti mu 2023 Rideau Canal, ngalande ya mu Ottawa imene mumatsetserekapo mtunda wa makilomita 7.8 ija, sinatsegulidwe n'komwe chifukwa madzi sanaundane mokwanira? Lamakina lija, la mapaipi ozizira pansi pa konkire, lili bwino, koma bwalo la mamita 60 m'litali ndi 30 m'lifupi ndi chilombo chodya magetsi. Kuwonjezera apo pakufunikanso chigalimoto chosalaza ayezi chija, Zamboni.

Ine za ayezi sindingakulangize. Za ndalama za gulu ndiye khala pansi ndikuuze, chifukwa zinandiwotcha.

Ukukumbukira malo aja kuseri kwa msika kumene tinkasewera mpira wamanja fumbi lili koboo? Amfumu anatipatsa kuti timangepo bwalo la simenti la atsikana. Tinayenda big walk mpaka pa mlatho wa Bakili Muluzi, amayi a banki m'khonde anaikapo kangachepe, achimwene a ku Joni anatumiza zawo pa foni. Mchenga tinasenza tokha pamutu. Ndalama zitafika pogula theka la simenti, ena anati tigule kaye yomweyo, ine n'kukana kwamtuwagalu. Ndinkati tidikire zikwane kuti tidzagule kamodzi, tisalipire galimoto kawiri. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Titapita kusitolo tinapeza mitengo yasintha, ndalama zomwe zija zikugula matumba owerengeka. Mpaka lero bwalo lathu ndi lakonkire mbali imodzi, mbali inayo dothi. Atsikana amasinthana zigoli pakati pa masewero kuti onse alaweko simenti. Ndikamadutsa pamenepo ndimathamangitsa njinga.

Dola yanuyo mwina sigwa ngati kwacha, koma ndalama ya gulu ikakhalitsa imayamba kununkha. Wina amafuna ngongole, wina amayamba kukuyang'ana nsapato zatsopano. Chilichonse cholowa lemba m'buku, ndipo pa msonkhano uliwonse uwerenge mokweza ngakhale anthu akuyasamula. Kubanki musainire anthu atatu. Komanso musanakhome thabwa ndi limodzi lomwe, lembani mayina a anthu odzathira madzi usiku mu Januwale, chifukwa tsiku lotsegulira aliyense amabwera kudzajambulitsa, koma chaka chachiwiri umatsala wekha ndi paipi m'manja. Ife tsache losesera bwalo linasowa mwini mwezi woyamba womwe.

Kuno tili bwino. Usipa wakwera mtengo, mango ayamba kupsa ku Mpondasi, ndipo mayi ako ndinawaona Lachisanu akuchokera kuchipatala kukayezetsa BP, ali ndi mphamvu ndithu. Akuti uwaimbire, wachita kusowa.

Bwalolo likatha unditumizire kanema iwe utavala nsapato za mipenizo. Ndikufuna ndione mmene ugwere.

Ndine mnzako wa kunyanja.