Lamulo la fodya m'masewera lisasiye mpata

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya fodya ndi masewera. Ine ndinakulira pa fodya. Bambo anga ankalima bale ku Mitundu, ndipo fizi yanga yonse inkadikira mabelo agulidwe ku okushoni ya ku Kanengo. Ndimaudziwa ulimbo wakuda umene umakakamira m'manja munthu akamathyola fodya mame asanaume, ndi chizungulire chimene chimabwera dzuwa likakwera. Choncho wina asanene kuti ndikudana ndi mlimi.

Lamulungu lina ndinkaonera mpikisano wa galimoto wa Formula 1 kunyumba ku Area 25 ndi mwana wa mchemwali wanga, wa Folomu 2. Analoza galimoto ya McLaren n'kufunsa kuti, "Amalume, Velo ndi chiyani?" Ndinachita kakasi. Velo ndi timatumba ta nikotini toika m'kamwa kuseri kwa mlomo, ndipo mwini wake ndi British American Tobacco, kampani imene inayamba kuthandiza timuyi mu 2019. Mwanayo sanaone ndudu paliponse, koma dzinalo analiloweza.

Zimenezi zinayamba kale. Mu 1968 timu ya Lotus inapenta galimoto zake mitundu ya paketi ya ndudu za Gold Leaf, kenako zakuda ndi golide za John Player Special. Marlboro inakhala pa McLaren kuyambira 1974 mpaka 1996, ndipo ambiri a ife timakumbukira Michael Schumacher mu Ferrari yofiira, dzina la Marlboro lili pachifuwa. Mayiko a European Union ataletsa zimenezi mu 2005, tinkayesa kuti basi zatha. Ayi ndithu. Ferrari inachotsa mawuwo n'kuikapo timizeremizere tofanana ndi totchaja mtengo mu shopu, toti galimoto ikamathamanga diso linkangoona paketi ija. Madokotala atadandaula, anatichotsa mu 2010. Mu 2018 Philip Morris, kampani yopanga Marlboro, inabweranso pa Ferrari yomweyo ndi mawu akuti Mission Winnow. Njoka inkangofundula khungu, ululu uli womwewo.

Ndikulemba izi chifukwa mu 2023 dziko lathu linavomereza pangano la WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, lochepetsa kusuta fodya, limene mayiko ena analivomereza kalekale. Gawo 13 la panganoli limati mayiko aletse kutsatsa fodya ndi kuthandiza zochitika pofuna kugulitsa fodya. Kusaina n'kosavuta. Chimene ndikupempha aphungu athu ndi a Unduna wa Zaumoyo n'chakuti polemba lamulo la kuno kwathu asangoletsa chithunzi cha ndudu chokha. Aletsenso dzina, mtundu wa paketi, chizindikiro, ndi zatsopanozi zimene akuti zilibe utsi. Azungu anasiya mpata waung'ono, ndipo mpaka lero akulimbana nawo.

Kuno tilibe Formula 1, koma tili ndi mpira. Ku Blantyre kuli bwalo limene aliyense amangoti BAT, chidule cha British American Tobacco, ndipo timu ya Bullets imayenda ndi dzina la Nyasa, lochokera ku kampani yopanga ndudu. Sindikunyoza timuyi, inenso ndinaisapotapo. Koma ndikaona kamwana ka ku pulayimale kakuthamanga m'fumbi ku Nsungwi katavala jezi imeneyo, mtima wanga sukhazikika.

Ena adzati matimu afa ndi njala. Formula 1 sinafe, inapeza mabanki, makampani a mafoni ndi ena. Kunonso TNM, Airtel ndi FDH Bank akhala akuika ndalama m'mipikisano ya mpira.

Enanso adzati tikupha mlimi. Apa m'pamene pamandipweteka. Fodya wathu pafupifupi yense amapita kunja ali tsamba, ndipo mtengo wake sudalira dzina lolembedwa pa jezi. Zaka zonse zimene Marlboro inali pa galimoto zija, bambo anga ankagona panja pa geti ku Kanengo, kudikira belo imene nthawi zina inkabwezedwa. Gawo 17 la pangano lomweli limanena zothandiza alimi kupeza ntchito ndi mbewu zina, ndipo limenelo ndi limene aphungu a madera a fodya ayenera kulimenyera mofuula.

Mwana wa mchemwali wanga uja ndinamufotokozera zonse madzulo omwewo. Anandiuza kuti anzake awiri a m'kalasi amasuta kale kuseri kwa zimbudzi nthawi ya buleki.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe