Kodi kufunsa mafunso pa chikhulupiriro chimene ndinabadwiramo ndi tchimo?

Alangizi olemekezeka,

Ndine mayi wa ku Ulónguè m'boma la Angónia kuno ku Tete, ndipo kwathu ndife Akatolika kuyambira pa agogo athu amene anabatizidwa ku mishoni ya Lifidzi. Bambo anga anaphedwa pa nkhondo yapachiweniweni ya kuno ku Mozambique ndili wamng'ono, ife n'kuthawira ku Dedza osawaika n'komwe m'manda, ndipo tinabwerera pambuyo pa pangano la mtendere limene linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992.

Ndinakula ndikuuzidwa kuti imfa imeneyi inali chifuniro cha Mulungu, komanso kuti Mkhristu weniweni amakhululuka osatchulanso zakale. Choncho mkwiyo ukandigwira ndinkapita kukaulapa ngati tchimo, koma tulo sitinkabwera ndipo mtima unkangothamanga. Katswiri wa zamaganizo amene ndikuonana naye tsopano wandithandiza kuona kuti maliro a bambo anga sindinawalirepo. Chiyambireni kulira ndi kulankhula momasuka ndikupezako bwino, komano mafunso amene ndinkawaopa atulukira poyera. Kodi Mulungu angafunedi kuti mwana aone zimene ndinaona? Nanga kukhululuka kochita kukakamizidwa n'kukhululuka? Pa Misa, tikafika pa mawu okhululukira adani m'pemphero la Atate Athu, pakamwa panga pamauma, moti ndasiya kulandira Ukaristia.

Mpingo sindidana nawo, chifukwa ndikudziwa kuti nawonso unataya anthu ake pa nkhondoyo: ansembe awiri a Chiyezuiti anaphedwa ku Chapotera mu 1985, ndiponso gulu la Chikatolika la Sant'Egidio ndi limene linayanjanitsa mbali ziwiri zimene zinkamenyana. Chimene sindikufunanso ndi kupemphera chifukwa cha mantha.

Vuto lalikulu lili pa amayi anga, amene korona wawo wa madzulo aliwonse ndiye anawalimbitsa pa umasiye wonsewu. Aona kale kuti ndimatsala pa benchi anzanga akamapita kukalandira, ndipo akuganiza kuti ndili ndi tchimo lalikulu limene ndikubisa. Mwana wanga wamkazi nayenso akuphunzira katekisimu pokonzekera Ulimbitso, ndipo amandifunsa zinthu zimene sindingamuyankhe popanda kunama.

Ndithandizeni, alangizi. Kodi amayi ndiwafotokozere bwanji popanda kuwaswa mtima? Ndipo kodi ndi bwino ndikakambirane ndi bambo mfumu panopa, kapena ndidikire kufikira uphunguwu utandifikitsa poti nditha kulankhula osanjenjemera?

Ine wanu,
Mayi wothedwa nzeru, Ulónguè