Lipoti la msonkhano wa kafukufuku wa imfa za matenda osiyanasiyana

Moni a tcheya, akomiti ndi nonse a m'gulu lino. Ku msonkhano munandituma kuja ndabwerako bwino, ndiye ndati ndilembe zikadali mmutu kuti amene simubwera Loweruka mumveretu pompano. Kunali madokotala, manesi, ana a sukulu ya udokotala, ma HSA ndi ife a mmakomiti a mmadera, ndipo nkhani inali yakuti pa anthu 100 odwala matenda akutiakuti, ndi angati amamwalira. Chimene ine ndatolako nchakuti nambala imeneyi imasintha kutengera nthawi imene wodwala wafikira kuchipatala, ndipo gawo limenelo ndi lathu ife a kumudzi kuno osati la adokotala.

Anayamba ndi kolera poti tonse tikuikumbukira. Mliri uja unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 nkufalikira dziko lonse, mpaka sukulu za kuno ku Blantyre ndi ku Lilongwe zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Anthu opitirira 58,000 anadwala, opitirira 1,700 anatisiya, kutanthauza pafupifupi atatu pa 100 aliwonse. Koma a WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, amati thandizo likabwera msanga omwalira sayenera kufika ngakhale mmodzi pa 100, pomwe osathandizidwa konse atha kupita mpaka theka. Nesi wina anafotokoza mmene munthu amathera, akuti mmawa ali bwinobwino, masana wayamba kutsegula chimbudzi chooneka ngati madzi otsukira mpunga, pofika madzulo maso alowa mkati, ukamutsina khungu silibwerera, mawu asasa. Chimamupha ndi kutha kwa madzi mthupi basi, pomwe Thanzi ORS ndi dripi zikanamubweza. Ine zinandiwawa anthuni, chifukwa ambiri mwa amenewo ndi aja timati tione kaye kukacha.

Pa malungo mpamene ndinanyadira kuti ndine wa mu Blantyre. Kodi mumadziwa kuti njira yoyezera mmene mwana wakomokera, imene madokotala a maiko ambiri amagwiritsa ntchito, imatchedwa Blantyre Coma Score? Inapangidwa konkuno ku Queens mzaka za m'ma 1980 ndi madokotala awiri, a Malcolm Molyneux ndi a Terrie Taylor. Amaona ngati maso a mwana akutsatira nkhope ya mayi ake, ngati akulira, komanso ngati akumva kuwawa akamutsina, ndiye amapereka mamalikisi kuyambira 0 mpaka 5. Malungo akalowa mmutu, ana pafupifupi 15 kapena 20 pa 100 amamwalira ngakhale ali pa bedi la kuchipatala, ndipo ena opulumuka amatsala ndi khunyu kapena kuvutika mkalasi. Mu 2015 ofufuza omwewa anatulutsa zimene anapeza ndi makina ojambula mkati mwa thupi otchedwa MRI, zoti ana ambiri omwalira ubongo umakhala utatupa mpaka kupanikiza pamene pamayendetsa kupuma. Kunalinso nkhani ya jakisoni wa malungo oopsa wotchedwa artesunate amene kafukufuku wa mu 2010 mmaiko angapo a mu Africa anaonetsa kuti omwalira anali 8.5 pa 100, pomwe pa kwinini anali 10.9. Ziwoneka zochepa koma werengani ana onse ogonekedwa nyengo ya mvula muone. Chomwe anatsindika nchakuti malungo oopsawa amayamba ngati kutentha thupi wamba komwe LA akanathana nako, ndiye zoti mwana waphupha usiku ife nkuyamba kufunsa kwa asing'anga kuti walodza ndani, chonde tiziwauza makolo mwaulemu kuti ayambe kaye kuchipatala.

Koma abale, chiwewe. Apa holo yonse inangoti zii. Matenda ena onse anali ndi opulumuka, koma chiwewe zizindikiro zikangoyamba, kuopa madzi, kutuluka dovu, kubalalika, pafupifupi onse 100 pa 100 amapita, kaya uli ndi ndalama kaya ulibe. Pa dziko lonse chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka ndipo pafupifupi 40 pa 100 mwa iwo ndi ana, chifukwa mwana akakandidwa ndi kagalu amabisa kuopa kukalipiridwa, nkudzadwala patapita mwezi umodzi kapena itatu bala litapola kalekale aliyense ataiwala. Anatiuzanso kuti kafukufuku wina wa ku Queens komweko anapeza kuti ana ena amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mmutu, chinali chiwewe. Chonsecho matendawa ngopeweka, galu akaluma tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangani kukabayitsa katemera tsiku lomwelo ndipo mumalize majakisoni onse. Zoika ubweya wa galuyo pabala kapena kuyembekeza kuona ngati galu apenge, ayi ndithu. Akutinso agalu 70 pa 100 akabayidwa katemera chaka ndi chaka chiwewe chimatha mphamvu mdera, ndiye a Mission Rabies, obaya agalu katemera aja, akamabwera tisamabise agalu.

Zina anangodutsa mwachangu. Ebola imapha pafupifupi theka la odwala, TB yosalandira mankhwala nayonso chimodzimodzi pomwe mankhwala ake ndi aulere. Panalinso matenda oumitsa khosi amene amagwira anzathu omwe chitetezo chatsika kwambiri, makamaka osiya ma ARV, akuti mu kafukufuku wa AMBITION amene Blantyre ndi Lilongwe anatenga nawo mbali, mmodzi mwa anayi anamwalirabe mmasabata 10 ngakhale ndi mankhwala abwino. Ndiye munthu wa pa ma ARV akamadandaula mutu wosasiya, zomugulira panado pa okala tsiku ndi tsiku tileke.

Ine ndinakweza mkono nkufunsa kuti nanga aja omwalirira pakhomo kapena mu minibasi popita kuchipatala amawerengedwa? Anayankha moona mtima kuti manambala ambiri amachokera mmabuku a chipatala, choncho ofera kumudzi ambiri salowamo, komanso odwala pang'ono nkuchira okha salowamo, ndiye nambala itha kukwera kapena kutsika molakwika. Anapempha kuti maliro akachitika tizilimbikitsa achibale kulembetsa imfa komanso kuwauza a HSA mmene malemu anadwalira, si mwano kwa omwalira ayi.

Ndiye Loweruka ndikupempha tikambirane izi. Tikhale ndi kathumba ka thiransipoti ya usiku, msungichuma atiuze ngati zingatheke pa zosonkha zathu, chifukwa mayi sangabereke mwana wokomoka wapansi pakati pa usiku. Tipezenso anyamata a kabaza odalirika oti foni yawo izikhala yotsegula. Aliyense wa komiti asunge mapaketi a ORS mvula isanayambe, ndipo a tcheya mukawaone amfumu kuti pa msonkhano wa mudzi atipatseko mpata tinene za chiwewe, aphunzitsi a ku pulayimale tiwaitanenso. Mapepala amene anatipatsa ndi a Chingerezi koma ndibwera nawo tidzamasulire limodzi, amene muli ndi mafunso lembani pompano ndiwasonkhanitse.