Zikomo adokotala a mano, dzino la mwana wanga lapulumuka

Okondedwa adokotala ndi anamwino nonse a ku dipatimenti ya mano,

Ndati ndilembe ndithokoze poti tsiku lija ndinangotuluka osatsanzika bwinobwino, mutu unali utaima. Ndine mayi wa kamtsikana ka zaka 7 kaja kanabwera katagwira tsaya nkumakana kuyasamula mpaka anesi anachita kukanyengerera.

Tinali titatha masiku atatu osagona, panado akangotha mphamvu kulira kumayambiranso. Ine ndinabwera ndi maganizo amodzi basi, zulani, si laubwana lomwe, limera lina. Koma adokotala munandiitana kuti ndidzaone ndekha pa kagalasi kaja nkundiuza kuti limeneli ndi dzino lachibwano lomwe limamera mwana akafika zaka 6, limatulukira kumbuyo kwenikweni popanda lina kugweluka ndiye makolo ambiri timaliyesa laubwana chonsecho likazulidwa ndi pomwepo, silimeranso. Eee manyazi anandigwira! Zoti aubwana alipo 20 okha ndinamvera pompo, sindinawerengepo mkamwa mwa mwana wanga yemwe. Mwayi wake bowo linali lisanafike pa mtsempha, munakonza nkulimata.

Chomwe chinandikhudza kwambiri nchoti simunandikalipire, ndinkadikira kumva zoti mayi wanji inu. M'malo mwake munandifotokozera kuti tizilombo ta mkamwa timadya shuga nkutulutsa asidi, asidiyo ndi amene amakumba dzino, ndipo vuto lalikulu ndi kangati patsiku shugayo akukhudza mano. Apa ndinadzigwira ndekha, juwisi uja ndinkamupatsa m'botolo kuti azimwa pang'onopang'ono tsiku lonse, ine ndimvekere ndikumukonda mwana.

Pano tikutsuka kawiri, m'mawa ndi pokagona, mphindi 2, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride yemwe amalimbitsa mano, ndipo ndimaima pompo chifukwa ndikamusiya yekha amangopukuta akutsogolo okha. Zongolavula mankhwalawo osachukucha ndi madzi mukatha kutsuka zija ndiye zikutivutabe, ngakhale bambo ake sakuzimvetsa. Mng'ono wake wa zaka 2 ndikumuikira kochepa ngati kanjere ka mpunga, ndipo botolo la zotsekemera pogona ndamuletsa, analira mausiku awiri kenako anaiwala.

Tibweranso pa tsiku munatilembera lija kuti mudzaone timano tina tiwiri tomwe tayamba mawanga oyera. Mwini wake akuti ndipereke moni kwa anesi aja anamugwira dzanja nthawi ya jakisoni.

Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni.

Ine,
Mayi ake a mwana uja