Quantum siinatsimikize kuti mizimu yathu ndi yolumikizana

Akonzi,

Ndiloleni ndithirepo ndemanga pa nkhani yomwe ndaimva kawiri mwezi uno, koyamba m'minibasi yochokera ku Limbe, kachiwiri pa mapemphero a usiku kwathu kuno ku Chilomoni. Mlaliki wina wachinyamata, wodziwa kuyankhula ndithu, anati asayansi a quantum (fizikisi ya tinthu ting'onoting'ono kwambiri) atsimikiza kuti mizimu ya anthu okondana ndi yolumikizana. Akuti n'chifukwa chake mayi ali ku Ndirande amadzidzimuka pakati pa usiku mwana wake akadwala ku Johannesburg. Anthu anawomba m'manja. Ine ndinaphunzitsa fizikisi kusekondale mpaka kupuma, komanso ndine mkulu wampingo. Manja anga anakana.

Zimene ankanena mnyamatayo zili ndi pochokera. Pali chinthu chotchedwa entanglement. Tinthu ting'onoting'ono tiwiri ta kuwala, tobadwira pamodzi, mutha kutitayanitsa kutali, koma mukatiyeza zotsatira zake zimagwirizana mopitirira mmene zikanakhalira kukanakhala kuti kalikonse kananyamuliratu yankho lake pochoka. Albert Einstein zinamuvuta kumeza. Mu 1935, iye ndi anzake Podolsky ndi Rosen analemba kuti chiphunzitso cha quantum n'chosakwanira. Mu 1964 John Bell anapeza njira yoyesera nkhaniyi, ndipo amene anaiyesadi, Alain Aspect, John Clauser ndi Anton Zeilinger, analandira mphoto ya Nobel mu 2022. Mu 2017 asayansi a ku China, pogwiritsa ntchito setilaiti yotchedwa Micius, anaonetsa zomwezi pa mtunda wa makilomita 1,200. Kunena zoona, ine ndikamawerenga zoterezi ndimangoti Chauta ndi wamkulu.

Koma pali mbali imene mlaliki uja sanaitchule. Kulumikizana kumeneku sikutumiza uthenga, olo liwu limodzi. Woyeza mbali ino amangoona zotsatira zosalongosoka, ngati akuponya ndalama m'mwamba. Wa tsidya linalo chimodzimodzi. Kugwirizanako kumaonekera pokhapokha awiriwo ataimbirana foni n'kuyerekeza zimene analemba. Komanso n'chinthu chosachedwa kuwonongeka: tinthuti tikangosokonezedwa ndi zinthu zotizungulira, basi chatha. Nanga m'thupi la munthu lofunda chonchi, lodzaza madzi? Ndipo mzimu palibe makina amene anauyezapo.

Sindikunena kuti mayi wa ku Ndirande uja akunama. Malemu mayi anga ankadzuka usiku n'kuti mtima wawo sukukhazikika, amatchula dzina la mmodzi wa ife, n'kugwada. Nthawi zina zinkapezekadi kuti mwanayo sali bwino. Nthawi zina ayi, ngakhale zimenezo pabanja sitimazikumbukira kwenikweni. Paulo, pa 1 Akorinto 12:26, akuti chiwalo chimodzi chikamva kuwawa, ziwalo zonse zimamva nacho limodzi. Koma thupi limene akunenalo ndi la Khristu, ndipo wotilumikiza ndi Mzimu Woyera. Pemphero la mayi anga linkapita kwa Mulungu amene amamva, silinkadutsa m'tinthu ta kuwala. Tikakhomera chikhulupiriro pa zoyesa za asayansi, mawa iwo akasintha kafotokozedwe, tidzagwira chiyani?

John Polkinghorne anali pulofesa wa fizikisi ku Cambridge, kenako anadzozedwa unsembe mu mpingo wa Anglican mu 1982. Munthu wodziwa mbali zonse ziwiri, koma iye yemwe ankachenjeza anthu kuti asamangomata liwu la quantum pa chilichonse chimene sakuchimvetsa.

Chondidetsa nkhawa kwambiri n'choti liwu lomweli lafika kale pamsika. Ndaona mikanda yogulitsidwa modula, akuti ya quantum, yochiza shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Mkhristu amene anamva paguwa kuti quantum ndi zauzimu sachedwa kugula, mwinanso n'kusiya mankhwala a kuchipatala.

Mlaliki wathuyo ndamupempha kuti Loweruka likubwerali afike kunyumba. Mabuku anga akale ndawapukuta kale fumbi, ndipo Baibulo abwere nalo lake.

Mphunzitsi wopuma,
Chilomoni, Blantyre