Mapikapu a mabezi akale akuthera kwa ogula zitsulo

A Mkonzi,

Ndiloleni malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi oimba, akuluakulu a mipingo ndi amisiri anzanga muno mu Lilongwe za kachipangizo kamene ambiri timakapeputsa chifukwa cha kuchepa kwake. Ndikunena pikapu ya gitala ya bezi, osati galimoto yonyamula matumba a chimanga ija, koma kabokosi kakuda kamene kamakhala pansi pa nsambo n'kumatola kunjenjemera kwake kuti kukamveke pa ampu. Ine ndimakonza mawailesi ndi maampu ku Kawale, ndipo mphwanga amene amaimba bezi kutchalitchi anandinyengerera kuti timupangire yakeyake, popeza chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 bezi yatsopano ya m'sitolo amangoiona ndi maso. Thupi lake tinapempha kalipentala wa ku Mchesi kuti atisemere ndi thabwa la mbawa, khosi tinazula pa bezi ina yothyoka, ndipo chimene chinatiyendetsa mzinda wonse mpaka nsapato kutha chinali pikapu.

Chimene chinandiwawa pa ulendo umenewo n'chakuti mabezi akale amene akhala akugona m'zipinda zosungiramo katundu kumatchalitchi ndi kuseri kwa mawadiropu, ena obwera ndi achibale ochokera ku Joni, ena osiyidwa ndi magulu oimba amene anapasuka kalekale, akugulitsidwa kwa anyamata oyenda ndi sikelo m'makwalala aja, amene amaswa pikapu ndi hamala kuti achotsemo kopa wosadzaza n'chikhatho chomwe. Pomwepo palinso ogulitsa amene anamva mphekesera yoti kunja mapikapu akale a kampani yopanga magitala ya Fender amadula, ndiye chilichonse chimene chili ndi fumbi akuchitcha orijino. Mwini wotaya uja ndi wogula wopusitsidwa uyu onse akuluza chifukwa cha chinthu chimodzi, chomwe ndi kusatembenuza pikapu kuti aone kunsi kwake ndi kusaiyeza pa mita yoyezera zamagetsi.

Mkati mwa pikapu mulibe zambiri. Muli maginito, ndipo mozungulira maginitowo mwakulungidwa waya wa kopa maulendo masauzande angapo. Wayayo, amene amisiri amamutcha 42 AWG, ndi woonda ngati tsitsi, pafupifupi mamilimita 0.06, ndipo ndi wokutidwa ndi vanishi kuti asagundane yekhayekha. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginito, mu waya wokulungidwa uja, amene timamutcha koyilo, mumabadwa magetsi ochepa kwambiri, ndipo ampu ndiyo imawakuza kufikira mabenchi a m'tchalitchi atayamba kunthunthumira.

Kuti munthu azindikire chimene wagwira m'manja, ayenera kudziwa mitundu iwiri imene pafupifupi mafakitale onse anakopera. Leo Fender anatulutsa Precision Bass mu 1951 ili ndi pikapu ya koyilo imodzi, ndipo mu 1957 anaisintha n'kuika pikapu yogawika pawiri, theka lililonse likutola nsambo ziwiri, nsambo iliyonse ili ndi timaginito tiwiri. Matheka awiriwo amakhala ndi maginito oyang'ana mosemphana ndiponso waya wokulungidwa mosemphana, ndipo nzeru imeneyi ndiyo imapha kung'ung'udza kwa magetsi kumene kumatisowetsa mtendere pa maampu athu. Mu 1960 kunabwera Jazz Bass, yokhala ndi mapikapu awiri aatali ndi oonda. Kampani ya Fender inagulidwa ndi kampani ina yotchedwa CBS kumayambiriro kwa 1965, ndipo osonkhanitsa zida zakale kunja amalipira ndalama zambiri pa zimene zinapangidwa chaka chimenecho chisanafike.

Mnyamata wina pafupi ndi msika waukulu anatitulutsira pikapu yogawika pawiri itakulungidwa m'nyuzipepala, n'kunena molimba mtima kuti, "Bwana, iyi ndi Fender ya 1962, onani dzina lili pamwambapo." Dzina linalipodi, lolembedwa ndi utoto woyera, koma dzinalo ndilo linayamba kundikayikitsa, chifukwa zivundikiro zapulasitiki za mapikapu a Fender a zaka zimenezo zinali zakuda bii popanda cholembedwa chilichonse. Nditaitembenuza ndinapeza kachitsulo kakuda kamakona anayi katamatidwa ndi guluu kunsi kwake, komwe ndi maginito a seramiki, ndipo timitu toonekera pamwamba pa pikapuyo tinali zitsulo wamba. Pikapu yeniyeni ya nthawi imeneyo ilibe maginito omatidwa kunsi, chifukwa timitu tomweto ndito maginito, a mtundu wa alnico, wosakaniza chitsulo ndi aluminiyamu, nikelo ndi kobalti. Timaginitoto timagwiridwa ndi timapepala tolimba ta faiba, takuda pa mapikapu oyambirira, totuwa kuyambira cha m'ma 1964, ndipo pa totuwato nthawi zambiri pamakhala deti lolembedwa pamanja kapena nambala yodindidwa. Mawaya otuluka pa mapikapu akalewo anali okutidwa ndi nsalu, pamene a mnyamata uja anali apulasitiki wonyezimira. Sindinakangane naye, pakuti n'kutheka kuti nayenso anauzidwa zomwezo ndi amene anamugulitsa.

Ndifulumire kunena kuti seramiki si chilema. Pikapu ya DiMarzio yotchedwa Model P, imene oimba ambiri ankaika pa mabezi awo kuyambira m'ma 1970, ili ndi maginito a seramiki ndipo ili ndi liwu lamphamvu lodutsa ng'oma ndi kiyibodi. Imazindikirika msanga ndi timitu take tokhala ndi kabowo ka makona 6 kokwezera ndi kutsitsira, ndipo zambiri zakale zili ndi chivundikiro cha mtundu wa mkaka. Cholakwika ndi kulipira mtengo wa Fender pa chinthu chimene si Fender.

Mita ndiyo imathetsa makani. Munthu aiike pa muyeso wa ma ohm, pa 20k (k akuimira 1,000), n'kugunditsa timiyendo take pa mawaya awiri a pikapu. Ya mtundu wa Precision yamoyo imaonetsa cha pakati pa 10k ndi 11k matheka onse atalumikizidwa, ndipo ya mtundu wa Jazz imaonetsa cha m'ma 7k kapena 8k iliyonse. Manambalawa amasuntha pang'ono malinga ndi nyengo, moti pikapu yomweyo imawerenga mokwererapo mu Okutobala kusiyana ndi mu Juni. Mita ikangoonetsa 1 kapena OL, waya waduka penapake. Koma wina asataye pikapu yaikulu ya bezi ya Gibson EB-0 poona kuti pa 20k sikuwerenga, chifukwa iyo imafika cha m'ma 30k ndipo imafuna muyeso wokulirapo. Za kampani ya EMG, zimene zimayendera batire ya mavoti 9 ndipo mkati mwake ndi momatidwa moti simutseguka, mita sinena zoona pa izo, ndipo njira yake ndi kuzilumikiza ku batire ndi ku ampu basi.

Pikapu imene tinatenga pomaliza inachokera kwa mkulu wa mpingo wina ku Area 23, pa bezi imene inali itatsamira khoma pamodzi ndi mipando yothyoka kudikira ogula zitsulo. Dzina la kumutu linali litafufutika, koma pa kachitsulo kogwira khosi panali mawu akuti Made in Japan. Mafakitale a ku Japan, monga Matsumoku imene inkapanga magitala a Aria ndi Westone mpaka itatsekedwa mu 1987, ankatulutsa zida zabwino zimene anthu ankazinyoza chifukwa chongoti ndi zokopera. Mita inaonetsa 10.8k. Ndinasendeza kampasi ya mwana wa sukulu pa theka loyamba, muvi unaloza uku, pa theka lachiwiri unatembenuka, kusonyeza kuti matheka ndi apabanja limodzi ndipo adzapha phokoso. Kenaka tinailumikiza ku ampu, ndinagogoda timitu tonse 8 ndi sikuludiraiva, ndipo kalikonse kanayankha kuti thu, mofanana mphamvu. Mkuluyo anadabwa titamupatsa ndalama yoposa imene akanalandira pa sikelo, nati, "Achimwene, kodi kanthu aka kakadali ndi moyo?"

Ndivomere kuti ineyo ndinaphapo imodzi pa ntchito yomweyi. Inali ya mtundu wa Jazz, yadzimbiri pa timitu, ndipo ndinaikwecha ndi sitiliwulu wotsukira mapoto. Tizidutswa ta chitsulo tinakakamira pa maginito ngati nyerere pa shuga, tina n'kulowa m'mphepete mwa chivundikiro, ndipo pofuna kutichotsa ndinakoka chivundikirocho mwamphamvu, chikhadabo changa n'kukola waya pamene amalowa pa kabowo kowotcherera. Mita imene inkaonetsa 7.6k inangoti 1. Dzimbiri la pamwamba silisokoneza liwu, ndipo ndikanangolipukuta ndi kansalu kouma bwenzi pikapuyo ikulira lero.

Pa nkhani ya mtengo, maganizo anga ndi akuti tisamatengeke ndi manambala a pa misika ya pa intaneti ya eBay kapena Reverb amene ogulitsa amaonetsa pa foni, chifukwa munthu akhoza kulemba mtengo uliwonse umene walota. Choyenera kuyang'ana ndi mitengo ya zimene zinagulidwadi, ndipo ngakhale pamenepo tikumbukire kuti wogula wa ku London amalipira mbiri ya chinthucho, pamene woimba wa ku Chinsapo akufuna liwu loti limveke Lamlungu. Pikapu yokulungidwanso waya watsopano imatha kulira bwino kwambiri, koma kwa osonkhanitsa zakale mtengo wake umatsika, chimodzimodzinso ya mawaya odulidwa mofupika kapena ya Jazz imene mnzake anasowa. Kwa ife opanga bezi, yamoyo, yosalira chiphokoso ukakweza ampu, ndiponso yogwirizana ndi kutalikirana kwa nsambo zathu, ndiyo yoyenera ndalama, ndipo mtengo wake usapose wa yatsopano yabwino mutawerengera zotumizira ndi msonkho.

Koma ngati wina atapezadi bezi yonse ya Fender yakale, ndikumupempha kuti asazule pikapu kapena kusungunula powotcherera pake, chifukwa mtengo wa chida chotere uli pa kukhala chathunthu. Atsegule mosamala n'kuwerenga nambala za kumbuyo kwa mapoti, tizipangizo topotokola tokwezera ndi kutsitsira voliyumu. Nambala imene ikuyamba ndi 137 ndi ya kampani ya CTS, imene ikuyamba ndi 304 ndi ya Stackpole, ndipo manambala otsatira amanena chaka ndi sabata, moti 1376612 ikutanthauza sabata ya 12 ya 1966. Nambalayo imanena zaka za poti, osati za bezi yonse, komabe ikagwirizana ndi zizindikiro za pikapu umboni umakhala wolimba.

Kwa akalipentala ndi onse ofuna kupanga bezi, musaboole thabwa pikapu isanafike m'manja. Ya Jazz ya kufupi ndi buliji, kachitsulo kogwira nsambo kumapeto kwa thupi, ndi yotalikirapo kuposa ya kukhosi, ndipo zokopera zina zimasiyana ndi za Fender ndi mamilimita ochepa amene amakwana kuwononga mbawa yabwino. Ife tinadikira milungu itatu thabwa lili losaboola, kalipentala akudandaula kuti likumutsekera malo, ndipo pikapu ya ku Japan ija itabwera anaiika pa thabwa n'kuizunguliza ndi pensulo. Yakufa ija ndaisunga m'chitini cha mkaka pa shelefu, ndipo ngati pali mmisiri wowerenga nyuzipepala ino amene ali ndi waya wa 42 AWG, andipeze ku Kawale tiyese kuikulunganso.

Ndine wowerenga wanu,
Wokonza mawailesi ndi maampu,
Kawale, Lilongwe